Mahedifoni opanda waya pa makina ofufuzira zitsulo: n'chifukwa chiyani ena amathandiza pamene ena amasocheretsa?

Pakati pa anthu amene amayenda ndi makina ofufuzira zitsulo zokwiririka pansi, nkhani ya mahedifoni opanda waya imazunguza mitu. Wina amati chitayireni chingwe, ntchito ikuyenda bwino ndipo sangabwererenso m'mbuyo. Wina amati anayesapo, n'kupezeka akukumba pambali pa chinthu, mwinanso osachipeza n'komwe. Wachitatu amadandaula kuti mahedifoni ake, omwe pa foni amamveka bwino zedi, akukana ngakhale kulumikizana ndi makinawo. Onse atatuwa akunena zoona. Chimene chikuwasiyanitsa ndi njira imene mawu akudzera kuchoka m'makina kukafika kukhutu, ndipo gwero la nkhani yonse ndi kanthawi kosakwana ngakhale theka la sekondi.

Makina olankhula ndi khutu

Kumapeto kwa ndodo ya makinawa kuli chinthu chonga mbale, chimene mkati mwake muli waya wokulungidwa. Chimatchedwa koyilo. Magetsi akamadutsa mu wayayo mosinthasintha, pamabadwa mphamvu ya maginito imene imalowa m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo, imadzutsa timagetsi mkati mwa chitsulocho, ndipo timagetsito timabweza kamphamvu kakenso ka maginito. Koyilo imatola kamphamvuko, makina n'kukasandutsa kulira.

Kuyambira pachiyambi penipeni, chipangizochi chinali cha khutu. Mu 1881, pulezidenti wa America James Garfield atawomberedwa, Alexander Graham Bell, wodziwika potulukira telefoni, anabwera ndi makina ake kudzafunafuna chipolopolo chimene chinatsalira m'thupi. Ankamvetsera kudzera pa chomvera cha telefoni, ataika kukhutu. Sanachipeze chipolopolocho: bedi limene wodwalayo anagonapo linali ndi masipuling'i achitsulo, komanso analoledwa kufufuza mbali imodzi yokha ya thupi, yomwe sikunali chipolopolocho. Mu 1941, msilikali wa ku Poland Józef Kosacki anakonza makina ofufuzira mabomba okwiriridwa pansi, amene anagwira ntchito pa nkhondo ya ku El Alamein, ku Egypt, mu 1942. Asilikali ankayenda pang'onopang'ono atavala mahedifoni, moyo wawo uli pa kusintha kwa kulira kumene akumva.

Makina a masiku ano ali ndi sikirini yoonetsa manambala, koma amene azolowera ntchitoyi amadalirabe khutu. Pa makina ambiri, msomali wa dzimbiri umalira ndi mawu otsika, okhala ngati kubuula, pamene siliva ndi kopa zimalira ndi mawu okwera. Kulira kwafupi ndi komveka bwino mbali zonse ziwiri kumanena zina, kulira kodukaduka kumanenanso zina. Chinthu chikakhala chakuya kwambiri, chimamveka ngati kunong'ona, ndipo pamene pali mphepo, mafunde a m'nyanja kapena phokoso la magalimoto, sipika ya pa makina siikwanira. Mahedifoni amafunika chifukwa chimenechi. Vuto lake lakhala chingwe: chimakola m'tchire, chimakoka mutu munthu akagwada kuti akumbe, ndipo chimathothoka pafupi ndi pulagi chifukwa chopindikapindika tsiku lonse. Palibe chodabwitsa kuti anthu amafuna kuthana nacho.

Kuchedwa kwa mawu

Mawu akamayenda pa chingwe, amafika kukhutu nthawi yomweyo. Akamayenda popanda chingwe, pamakhala ntchito yambiri panjira. Amayamba asandutsidwa manambala, kenako amapanikizidwa kuti achepe, amaduliridwa m'timagulu, amaulutsidwa, amalandiridwa, amasungidwa pang'ono kuti kagulu kena kakatayika panjira katumizidwenso, kenako n'kusandutsidwanso mawu. Gawo lililonse limadya kanthawi. Nthawi yonseyo ikaphatikizidwa, amisiri amaitcha latency, ndipo amaiyeza m'mamilisekondi. Mu sekondi imodzi muli mamilisekondi 1,000.

Bluetooth wamba imachedwa ndi mamilisekondi apakati pa 100 ndi 200, nthawi zina kuposera apo. Funso limene limabwera msanga ndi lakuti: nanga bwanji pa foni sitiona vutoli? Yankho lake ndi losangalatsa. Mukamamvetsera nyimbo, palibe chimene mukuyerekeza nacho, choncho ngakhale itachedwa sekondi yathunthu simungadziwe. Mukamaonera kanema, foni imadziwa kuti mawu achedwa, ndiye imachedwetsa dala chithunzi kuti milomo ndi mawu ziyendere limodzi. Makina ofufuzira zitsulo alibe mwayi umenewu. Sangaimitse mkono wanu kuti udikire mawu.

Makina ambiri amamva chitsulo pokhapokha koyilo ikuyenda, n'chifukwa chake ofufuza amaigwedeza uku ndi uku ngati akusesa. Tiyerekeze kuti koyilo ikuyenda mita imodzi pa sekondi, lomwe ndi liwiro labwinobwino. Kuchedwa kukakhala mamilisekondi 200, pamene kulira kukufika kukhutu koyilo imakhala itapitirira chinthucho ndi masentimita 20. Kukakhala mamilisekondi 40, imakhala itapitirira ndi masentimita 4. Pa mamilisekondi 17, sipakwana ngakhale masentimita 2. Khobidi ndi laling'ono, ndipo dzenje limene munthu wosamala amakumba silikula kwambiri, ndiye masentimita 20 ndi okwanira kuti aliphonye.

Pali china chimene ambiri sachiganizira. Koyilo imapita kumanja kenako n'kubwerera kumanzere. Popita kumanja, kulira kumamveka koyilo ili kumanja kwa chinthucho. Pobwerera, kumamveka ili kumanzere kwake. Mapeto ake khobidi limodzi limamveka ngati zinthu ziwiri zotalikirana masentimita 40, ndipo pamalo enieni pamene lili pamakhala zii. Pamalo pamene pali zinyalala zambiri zachitsulo, monga misomali ndi zitsekerero za mabotolo, chisokonezo chimakula, chifukwa kulira kwa chinthu chabwino kumamveka koyilo ili kale pamwamba pa msomali woyandikana nacho.

Aliyense anaonapo munthu akudula mtengo chapatali: nkhwangwa imagwa kaye, kugunda kwake kumafika pambuyo. Mumpweya mawu amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Choncho kuchedwa kwa mamilisekondi 200 kuli ngati kumvetsera nkhwangwa ya munthu amene ali pa mtunda wa mamita 68, pamene kwa mamilisekondi 40 kuli ngati ali pa mamita 14, ndipo kwa 17 ali pafupi, pa mamita osakwana 6. Pa mamita 68 maso ndi khutu zimatsutsana poyera. Pa mamita 6 zimagwirizana.

Ena amayankha kuti munthu akhoza kungochepetsa liwiro la mkono, kapena kugwiritsa ntchito batani lolozera malo enieni, limene limalola kuti koyilo iime pamodzi uku ikulirabe. N'zoona, ndipo zimathandizadi. Koma kusesa pang'onopang'ono kumatanthauza kufufuza malo ochepa pa tsiku, ndipo batanilo limathandiza pokhapokha munthu ataganiza kale kuti apa n'poyenera kukumba. Chiganizo chimenecho chimapangidwa koyilo ikuyenda.

Bluetooth si imodzi

Bluetooth inayambira ku kampani ya Ericsson ku Sweden m'ma 1990, ndipo bungwe loyang'anira malamulo ake, Bluetooth SIG, linakhazikitsidwa mu 1998. Cholinga chinali kuchotsa zingwe zifupizifupi pakati pa zipangizo. Imagwiritsa ntchito mafunde a wailesi a 2.4 GHz, kutanthauza ogwedezeka maulendo 2.4 biliyoni pa sekondi, ndipo imadumphadumpha pa timisewu 79 maulendo 1,600 pa sekondi pofuna kuzemba zosokoneza. Pamene inayamba kunyamula nyimbo, chimene amisiri anaika patsogolo n'chakuti nyimbo isadukeduke. Kuchedwa pang'ono sikunali nkhani, mwinanso kunali kothandiza, popeza kusunga mawu pang'ono ndiko kumateteza kudukako.

Njira yopanikizira mawu ndi kuwamasulanso imatchedwa codec. Codec imene chipangizo chilichonse cha nyimbo cha Bluetooth chiyenera kukhala nayo ndi SBC. Zipangizo za Apple zimagwiritsanso ntchito AAC. Palinso banja la aptX, limene linachokera ku kafukufuku wa ku Queen's University Belfast m'ma 1980, kenako n'kukhala m'manja mwa kampani ya CSR mu 2010, ndipo Qualcomm inagula CSR mu 2015. M'banjali muli aptX wamba, aptX HD, aptX Adaptive ndi aptX Low Latency. Yomalizayi ndi imene ofufuza zitsulo amaifunafuna, chifukwa inapangidwa kuti kuchedwa kukhale pafupifupi mamilisekondi 40.

Apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Bokosi likangolembedwa kuti aptX, sizitanthauza kuti muli aptX Low Latency. Ndipo aptX Adaptive, imene inatuluka mu 2018, ndi ina payokha: kukhala nayo sikutsimikiza kuti inzakeyo iliponso. Chachiwiri, codec iyenera kupezeka mbali zonse ziwiri, m'makina ndi m'mahedifoni. Mbali imodzi ikapanda kukhala nayo, zipangizozo sizikana kulumikizana. Zimangogwirizana mwakachetechete kugwiritsa ntchito codec ina imene zonse zili nayo, kawirikawiri SBC, ndipo munthu amangoona kuti zalumikizana osadziwa kuti kuchedwa kwabwerera pa mamilisekondi 150 kapena 200. Mahedifoni otchuka ngati AirPods alibe aptX ya mtundu uliwonse, ndiye ngakhale atakhala okwera mtengo ndi omveka bwino pa nyimbo, pa ntchito iyi amachedwa. Ubwino wa mahedifoni pa nyimbo ndi ubwino wake pa makina ofufuzira zitsulo ndi miyeso iwiri yosiyana.

Makina ena anatengadi njira ya aptX Low Latency. Zitsanzo ndi Equinox 600 ndi 800, amene kampani ya ku Australia ya Minelab inatulutsa mu 2018, komanso Legend ya kampani ya ku Turkey ya Nokta. Pa makina oterewa munthu akhoza kugwiritsa ntchito mahedifoni a kampani ina iliyonse, bola akhale ndi codec imeneyi.

Njira za makampani eni ake

Makampani ena anaona kuti n'kwabwino kusiya Bluetooth n'kupanga njira yawoyawo. Amagwiritsabe ntchito mafunde a wailesi, nthawi zambiri a 2.4 GHz omwewo, koma chilankhulo chake ndi china, chokonzedwa kuti chinyamule kulira kwa makina mwachangu osati nyimbo.

Kampani ya ku France ya XP ndi imene inapita patali ndi ganizoli. Makina ake a Deus, amene anatuluka mu 2009, alibe chingwe paliponse. Ubongo wa makinawo ndi batire zili m'koyilo momwemo, ndipo koyiloyo imatumiza uthenga ku kabokosi kowongolera komanso ku mahedifoni. Munthu akhoza kusiya kabokosiko n'kumafufuza ndi koyilo ndi mahedifoni basi. Garrett ya ku America, imene Charles Garrett anayambitsa mu 1964, ili ndi njira yotchedwa Z-Lynk, ndipo kampaniyo imati imachedwa mamilisekondi 17. Minelab nayo inali ndi Wi-Stream, yodzera pa kachipangizo ka WM 08 kamene munthu amakapachika pa chovala n'kulowetsamo mahedifoni a chingwe. Pa makina a Manticore, amene anatuluka mu 2022, Minelab inaika njira yopanda waya imene silumikizana ndi mahedifoni wamba a Bluetooth. Dandaulo la munthu wachitatu uja limachokera apa: chizindikiro cha mafunde pa bokosi la makina sichitanthauza Bluetooth nthawi zonse.

Phindu la njirazi ndi liwiro, komanso kuti zonse zinayesedwa limodzi. Makampani ena amalolanso kuti kachipangizo kakang'ono kam'manja kofufuzira m'dzenje kazilira m'mahedifoni omwewo. Mtengo wake ndi wakuti munthu amamangika ku kampani imodzi. Akasintha makina, kawirikawiri mahedifoni amatsala opanda ntchito.

Kwa amene ali ndi makina akale, opanda njira iliyonse yopanda waya, pali tizipangizo totumiza mawu timene timalowetsedwa pa kabowo ka mahedifoni. Mabowowa ali a mitundu iwiri, la mamilimita 6.35 ndi la 3.5, ndipo makina olowa m'madzi nthawi zambiri amakhala ndi pulagi yawoyawo yomanga ndi mazinga. Makina ena akale amatulutsa mawu a mbali imodzi, kotero kuti popanda cholumikizira choyenera khutu limodzi lokha ndi limene limamva. Lamulo lija silisintha: kotumizako ndi mahedifoni ziyenera kulankhula chilankhulo chimodzi chachangu.

Kodi mafundewa sasokoneza makina?

Mantha amenewa ndi omveka, popeza makinawa amamva zinthu zofooka kwambiri. Koma manambala ake ndi otalikirana. Makina ambiri amagwira ntchito pakati pa 3 ndi 40 kHz (kHz imodzi ndi kugwedezeka maulendo 1,000 pa sekondi), ndipo ofufuzira golide amakwera pang'ono kuposa apo. Tikayerekeza 15 kHz ndi 2.4 GHz, mafunde a mahedifoni amagwedezeka mofulumira kuwirikiza ka 160,000. Koyilo siwamva. Phokoso likabwera, nthawi zambiri limachokera ku timagetsi ta mkati mwa kachipangizo kotumiza kapena mwa foni, makamaka zikayandikira kwambiri bokosi la makina kapena koyilo. Kusuntha kachipangizoko pang'ono, kapena kusintha tchanelo cha makina, kumathetsa vutoli kawirikawiri. Nthambo za magetsi ndi makina a mnzanu amene ali pafupi zimasokoneza kwambiri kuposa mahedifoni.

Madzi

Apa chilengedwe ndicho chimalamula, osati kampani. Madzi amameza mafunde a 2.4 GHz, ndipo uvuni wa microwave umatenthetsa zinthu zonyowa ndi mafunde oyandikana ndi omwewa, a 2.45 GHz. Bokosi la makina likangomira, uthenga umatha pa masentimita ochepa chabe, ndipo m'madzi amchere umatha msanga kuposa apo. Choncho makina akhoza kukhala osalowa madzi, mahedifoni nawonso osalowa madzi, koma zikamira osamvana. Amene amafufuza madzi akulekeza m'chifuwa, kapena omira pansi, amabwerera ku chingwe. Pa makina a XP, pamene koyilo yeniyeniyo ndi yopanda waya, amamangirira kawaya kotenga uthenga ku koyilo yomira n'kuukweza pamwamba.

Thupi la munthu nalonso ndi lodzaza madzi. N'chifukwa chake mawu amatha kudukaduka pamene kotumiza kali mbali imodzi ya thupi ndipo kolandira kali mbali ina, makamaka pabwalo poyera pamene palibe makoma obweza mafunde.

Zilembo za IP zolembedwa pa bokosi zimachokera ku muyeso wa IEC 60529. IPX4 imatanthauza kupirira madzi owaza, monga mvula. IPX7 imatanthauza kupirira kumira mita imodzi kwa mphindi 30. Zilembozi zimanena za kulowa kwa madzi basi. Sizinena chilichonse za kuyenda kwa uthenga.

Mawu ofooka ndi thanzi la khutu

Ofufuza golide ndi zinthu zakuya amakonda kusiya kamawu kosalekeza kakulira chapansipansi, n'kumamvetsera kusintha kwake. Kamawuko kakanjenjemera pang'ono, ndiye kuti pansi pali kanthu. Mahedifoni opangidwira nyimbo akhoza kuwononga zimenezi. Ena amadzizimitsa pang'ono akaona kuti kuli chete pofuna kusunga batire, ndipo akamadzuka amadula chiyambi cha kulira. Ena amatenga mawu ofooka ngati phokoso losafunika n'kuwachotsa. Vuto limeneli ndi losiyana ndi kuchedwa, ndipo silionekera pa manambala a pa bokosi.

Mbali inayo ndi yakuti munthu akakweza voliyumu kuti amve zofooka, chitini chimene chili pamwamba penipeni chimabwera ndi mkokomo wopweteka. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole ma decibel 80 (decibel ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) kwa maola 40 pa sabata akamamvetsera pa mahedifoni, ndipo mawu akakwera maolawo amachepa mofulumira. Mahedifoni okhala ndi chochepetsa mawu odzidzimutsa amateteza khutu, kaya ndi a chingwe kapena ayi. Ndiponso otsekeratu makutu onse, makamaka ochotsa phokoso lakunja, amabisa galimoto, nyama kapena funde limene likubwera kumbuyo. Ichi ndi chinthu choyenera kuchiganizira mofatsa, chifukwa munthu wofufuza amakhala maso ali pansi kwa maola ambiri.

Njira yodziwira ngati mahedifoni akuchedwa ndi yapafupi. Ikani khobidi pamalo opanda zitsulo zina, pitirizani koyilo pamwamba pake pa liwiro limene mumafufuzira, mukumvetsera pa sipika kapena pa chingwe. Kenako bwerezani ndi opanda waya aja, maso ali pa koyilo. Kulira kukamamveka koyilo ili pambali pa khobidi, kumanja popita ndi kumanzere pobwerera, kuchedwa kulipo.

Zimene sizinathe

Pa mamilisekondi 200 pafupifupi onse amagwirizana kuti vuto lilipo. Mkangano uli pakati pa 40 ndi 17. Ena amati kusiyanako amakumva, makamaka pa malo a misomali yambiri pamene makina aikidwa kuti azisiyanitsa zinthu mwachangu. Ena amati masentimita awiri kapena atatu amamezedwa ndi kukula kwa koyilo, komanso kuti makinawo paokha ali ndi kakuchedwa kawo kowerengera uthenga, kamene ubongo umazolowera. Chimene chimavutitsa mkanganowu n'chakuti manambala ambiri amachokera kwa opanga eni ake, ndipo makampani opanga makina ofufuzira zitsulo alibe njira imodzi yogwirizana yoyezera kuchokera pa koyilo kukafika kukhutu.

Funso lalikulu ndi la tsogolo la Bluetooth yeniyeniyo. Mu 2020 Bluetooth SIG inalengeza LE Audio, yokhala ndi codec yatsopano ya LC3, ndipo malamulo ake anamalizidwa mu 2022. Inakonzedwa kuti idye batire pang'ono ndi kuchedwa pang'ono kuposa SBC. Ngati idzafike pokwanira ntchito iyi pa mahedifoni wamba a m'sitolo, chifukwa chokhalira ndi njira zotsekeka chidzachepa. Koma kodi makampani adzafuna kutsegula khomo limeneli, pamene kugulitsa mahedifoni awoawo ndi gawo la malonda awo? Iwo akhoza kuyankha kuti njira yotsekeka ndi yokhayo imene imawalola kutsimikiza kuti wogula aliyense akumva zimene makina akunena, ndipo mfundo imeneyi ili ndi mphamvu yake.

Palinso nkhani ya zaka. Makina osamalidwa bwino amakhala zaka zambiri, ndipo mahedifoni a chingwe akaduka amalumikizidwa ndi aliyense wodziwa kuwotcherera waya. Mabatire a lithiamu omatiridwa mkati mwa mahedifoni opanda waya amafooka pakapita zaka zingapo. Kampani ikasiya kupanga mahedifoni ogwirizana ndi makina akale, mwini wake adzadalira chiyani? Pakadali pano makina ambiri akadali ndi kabowo ka chingwe, koma mafoni ambiri anakachotsa kale, ndipo sizinadziwike ngati opanga makina ofufuzira zitsulo adzakasunge kapena adzatsatira njira yomweyo.